Zonunkhiritsa nyambo pa mpikisano wowedza: ndi ziti zimaonjezadi nsomba?

Bokosi la msodzi wa mpikisano m'mbali mwa Vaal Dam kapena Bloemhof ku South Africa limakhala lodzadza ndi timabotolo: adyo, nthochi, amondi, sinamoni, uchi, pichesi, ndi tina ta madzi obiriwira amene akangofika pansi pa damu amatulutsa kamtambo kowala. Eni ake amangozitcha muti, kutanthauza mankhwala. Kawedzedwe kameneka amakatcha papgooi, kuponya phala, chifukwa pamwamba pa mbedza amaumbirapo chibulunga cha ufa wa chimanga, mielie bomb, n'kuchiponya kutali pamodzi ndi nyambo. Ku England, France ndi Belgium nako mabotolo ndi mapaketi alipo ochuluka, olembedwa Sensas, Van den Eynde kapena Dynamite Baits. Ndalama zimene zimathera pa zinthuzi si zamasewera, choncho m'pofunika kufunsa mosabisa ngati zimaonjezadi kulemera kwa nsomba pa sikelo.

Yankho lathu ndi lakuti zina zimathandiza, koma pang'ono, ndipo zothandiza kwambiri si zija zimakoma m'mphuno mwa munthu. Kuti zimveke bwino, tiyambe ndi nsombayo.

Mmene nsomba imamvera fungo

Munthu amanunkhiza zinthu zouluka mu mpweya. Nsomba imamva zinthu zosungunuka m'madzi. Kusiyana kumeneku ndiye gwero la zolakwika zambiri zimene asodzi amachita. Patsogolo pa maso a carp pali timabowo, awiri mbali iliyonse. Madzi amalowera pena n'kutulukira pena, n'kudutsa pa kachiwalo kopindikapindika kamene kamazindikira mankhwala. Kulawa ndi nkhani ina yapadera. Carp imalawira milomo, ndevu ndi kachiwalo kofewa ka kumwamba kwa kamwa kamene imasankhira chakudya pakati pa matope. Mlamba ndi abale ake amalawira pafupifupi thupi lonse, makamaka ndevu.

Zimene akatswiri apeza kuti zimadzutsa nsomba n'zodziwika: ma amino acid, tizigawo topanga mapuloteni, monga alanine, glycine, arginine ndi proline, betaine, ndi zina zotuluka mu mnofu wa nyama zam'madzi monga inosine. John Caprio wa ku Louisiana State University anayeza mitsempha ya channel catfish, nsomba ya ku America yofanana ndi mlamba, ndipo anapeza kuti imamva alanine ndi arginine ngakhale zitachepa modabwitsa. Pa mlingo umene amatchula kawirikawiri, galamu imodzi ya alanine itha kumveka m'malita pafupifupi 10 miliyoni. Koma muyeso umenewu ndi wa m'madzi oyera a mu labotale. M'damu muli kale ma amino acid ochokera ku ndere, matope ndi nsomba zomwe, ndiye nyambo yanu iyenera kupambana phokoso limenelo kuti imveke.

Pali mfundo ziwiri zina zimene msodzi wa mpikisano ayenera kuzisunga. Yoyamba, fungo silifalikira lokha m'madzi odekha. Mankhwala amayenda okha m'madzi mochedwa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mu mpweya. Chimene chimanyamula fungo ndi kuyenda kwa madzi: mtsinje, mphepo yokankha madzi a pamwamba pomwe a pansi akubwerera, kapena nsomba zovundula pansi. Tsiku lopanda mphepo pa damu, fungo lanu limangokhala pafupi ndi nyambo, silikaitana nsomba ya pa mamita 50. Yachiwiri, chokopa nsomba kuti ibwere si chimodzimodzi ndi chochititsa kuti imeze. Alexander Kasumyan wa ku Moscow State University, amene wayesa kalawidwe ka nsomba zambiri pozipatsa timibulu tokhala ndi chinthu chimodzi chimodzi, anapeza kuti carp sisamala kwenikweni za shuga, pomwe timibulu ta citric acid, chowawasa cha mu mandimu, inkatimeza mosavuta. Ndiye chinthu chitha kuitana nsomba koma n'kulavulidwa, china n'kukhala chosaitana koma chomezedwa msanga.

Nyambo yatsopano yopanda chilichonse

Njira iyi ndiyo poyezera zina zonse, ndipo nthawi zambiri siigonja. Nyongolotsi yamoyo yodulidwa ndi sizasi imatulutsa madzi odzadza ndi ma amino acid omwewo amene makampani amagulitsa m'botolo. N'chifukwa chake asodzi a mpikisano ku England amakhulupirira kwambiri nyongolotsi zodulidwa zosakaniza ndi dothi pofuna bream ndi perch. Chimanga cha m'chitini, mphutsi zoyera bwino, ufa wa nsomba wosakhalitsa, zonsezi zili kale ndi fungo lokwanira.

Chimene chimaononga apa ndi ukale wa nyambo. Mphutsi zosungidwa motentha zimatuluka thukuta lonunkha ammonia. Ziseferani, muziike mu ufa wa chimanga watsopano usiku wonse pamalo ozizira. Ufa wa nsomba wa paketi yotsegulidwa miyezi ingapo umakhala kuti mafuta ake asasa. Msodzi amene wathira zonunkhiritsa pa nyambo yotere n'kuona kusintha, kwenikweni wangobisa vuto limene akanalichotsa posamala kasungidwe. Pa madzi oyera, ozizira, ndiponso pamene nsomba zili zochepa ndi zamantha, nyambo yopanda kanthu ndiyo tingasankhe poyamba.

Zonunkhiritsa za m'botolo

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni. Zambiri mwa izi zinachokera ku mafakitale a masiwiti ndi zakumwa: nthochi, sitiroberi, chinanazi, vanila. Zinatchuka ku England pamodzi ndi boilie, kachibulunga ka ufa ndi mazira kophikidwa, kamene Fred Wilton anakayambitsa ku Kent chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Pambuyo pake Rod Hutchinson anatulutsa mafungo a Scopex ndi Monster Crab, ndipo kampani ya Richworth inayamba kugulitsa ma boilie opangiratu, Tutti Frutti n'kukhala dzina lodziwika paliponse. Nsomba zambiri zagwidwa ndi nyambo zimenezi, palibe wotsutsa. Chovuta n'kudziwa ngati inagwiritsa ndi nthochiyo, mtundu wowala wa nyamboyo, kapena kuti anthu ambiri ndiyo ankaponya.

Mankhwala opatsa fungo la zipatso ambiri sasungunuka bwino m'madzi, ndipo palibe umboni wamphamvu wakuti carp imawamva ngati chakudya. Komabe si chilungamo kunena kuti botolo lonse ndi lachabe. Muli zina zimene nsomba imatha kumva: ma acid monga citric ndi butyric, komanso madzi onyamulira fungolo. Ndipo madzi onyamulirawa ndiwo ayenera kukutsogolerani pogula. Fungo la pa ethanol ndi lopepuka, limachoka pa nyambo msanga ngakhale madzi atazizira, koma limathanso msanga. La pa glycerine kapena propylene glycol ndi lolemera, limamatirira pa nyambo n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndipo limakhala pansi. La pa mafuta limakwera pamwamba, ndipo madzi akazizira limauma ngati majarini n'kutsekera fungo mkati. Msodzi wa ku Highveld, dera lokwera la South Africa, amene wawedza ndi dip (zoviikamo nyambo) ya mafuta mu Januwale n'kupambana, asadabwe ikamukanika mu Julaye.

Mlingo ndi pamene ambiri amagwa. Fungo lamphamvu la mtundu wa boilie limafuna 2 mpaka 5 ml pa kilogalamu ya ufa wouma, osapitirira. Liyezeni ndi jekeseni yopanda singano, osati kungotsanula. Lisungunuleni m'madzi osakanizira kaye kuti lifike paliponse; mukathira pa ufa wonyowa kale, malo ena amakhala owawa, ena opanda kanthu. Mukachulutsa, zizindikiro zake zimaoneka: thovu likutuluka pamalo anu, chingwe chikugundidwa ndi zipsepse, koma palibe yodya. Nsomba zafika, zalawa, zalavula. Zikatero musathire fungo lina pamwamba. Ponyani chibulunga chopanda kanthu ndi nyambo yoyera, ndipo mudikire mphindi 20 kapena 30.

Njira yotetezeka ndi kuika fungo pa nyambo ya pambedza yokha, chomwaza n'kukhala chopanda kanthu. Ubwino wake ndi wakuti mukalakwa, mwalakwa kuponya kumodzi, ndipo kuponya kotsatira mutha kusintha. Fungo losakanizidwa mu ufa wonse silibwezeka. Mwaliponya, lili m'madzi mpaka mpikisano utatha. Asodzi a papgooi amadziwa zimenezi bwino. Amaviika kanjere ka chimanga kapena kachofufuma koyandama kamene amati floatie mu dip, n'kudonthezera madontho ochepa pa chibulunga, ndipo popeza amaloledwa ndodo ziwiri, ola loyamba amayesa mafungo osiyana mpaka aone kumene nsomba zikulowera. Madzi obiriwira aja muli fluorescein, utoto umene umaonekera patali m'madzi. Goo, dip yotere imene kampani ya Korda inaitchukitsa ku Ulaya, inachokera komweko ku South Africa. Mphamvu yake yaikulu ndi ya maso: kamtambo kamaonetsa nsomba pamene pali nyambo. Pa madzi amatope kwambiri phindu limenelo limachepa.

Kodi tsono n'zothandiza? Pa madamu owedzedwa sabata ndi sabata, pamene carp zagwidwapo n'kubwezedwa kangapo, nyambo yosiyana ndi ya anzanu a mbali zonse ziwiri imatha kudyedwa msanga. Chothandiza pamenepo ndi kusiyanako, osati kuti carp imakonda sitiroberi.

Chakudya chamadzi

Ngati pali gulu limene tingaikepo ndalama, ndi ili. Tikunena madzi a chiwindi, a krill, timanyama tofanana ndi nkhanu ta m'nyanja zozizira, nsomba zosungunulidwa ndi ma enzyme, yisiti, molasesi ndi corn steep liquor. Izi si fungo chabe, ndi chakudya chenicheni chosungunuka, ndipo zili ndi mankhwala omwe aja amene mitsempha ya nsomba imawazindikira. Alimi a nsomba amathira zoterezi m'chakudya cha soya kuti nsomba zichidye, ndipo kumeneko phindu lake limayezedwa ndi sikelo.

Corn steep liquor, CSL mwachidule, ndi madzi oviikamo chimanga m'mafakitale a sitachi, owiritsidwa mpaka kukhuthala. Amene anakulira pafupi ndi mtondo awazindikira: ndi m'bale wake wa matsukwa, madzi owawasa otsala poviika mphale. Matsukwa ndi ochepa mphamvu, koma muli lactic acid ndi zosungunuka za chimanga zomwezo, ndipo atha kulowa m'malo mwa madzi osakanizira ufa. Asakhale owola mpaka kununkha zoipa. A masiku 2 kapena 3 ndi okwana.

Milingo yake ndi yokulirapo kuposa ya zonunkhiritsa, ndipo kulakwitsa pang'ono sikuthamangitsa nsomba. Pa kilogalamu ya ufa wouma, thirani 50 mpaka 100 ml ya molasesi kapena CSL, kapena 20 mpaka 50 ml ya madzi a chiwindi, krill kapena nsomba. Sungunulani m'madzi a m'damu momwemo, nyowetsani ufa pang'onopang'ono m'beseni lalikulu, usiyeni mphindi 20 mpaka 30 kuti umwe, onjezani madzi pang'ono ngati wauma, kenako usefeni kuti mibulu iphwanyike. Mapeleti amaviikidwa mphindi imodzi pa milimita iliyonse ya kukula kwake, ndiye a 2 mm ndi mphindi 2. Tsanulani madzi, asiyeni afewe mphindi 15 kapena 20. Chakudya chamadzi chiikeni m'madzi oviikirawo, osati pambuyo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale akatswiri. Molasesi ndi womata. Chibulunga chimene chimaphwanyika m'mphindi 2 chitha kutenga mphindi 10 mukamuthira. Pa mtsinje wothamanga kapena pa madzi akuya zimenezo n'zabwino, chifukwa chakudya chimafika pansi chisanamwazike. Pa damu losaya, pamene mukufuna kuti ufa uchoke msanga mbedza ionekere, ndi tsoka. Msodzi amati molasesi wathandiza kapena wathamangitsa nsomba, pomwe chasintha ndi kaphwanyikidwe ka chibulunga. Yesani nthawi zonse m'chidebe cha madzi kapena m'mphepete momwe mukuona pansi, wotchi ili m'manja. Amene amagwiritsa ntchito timatumba ta PVA tosungunuka m'madzi adziwenso kuti zamadzi zambiri zimatisungunula tisanaponyedwe. Za mafuta ndi za glycerine ndizo zimagwirizana nato bwino.

Vuto lachiwiri ndi lakuti chakudya chamadzi sichisankha mlendo. Chiwindi ndi nsomba zimaitana milamba, nkhanu ndi nkhasi. Ngati mpikisano ukuwerengera kulemera kokha ndipo milamba ndi yololedwa, mwapindula. Ngati mumafuna carp, mlamba umodzi waukulu utha kubalalitsa gulu lonse n'kukudyerani theka la ola mukulimbana nawo. Kamtambo kotsekemera nako kamabweretsa tinsomba ting'onoting'ono timene timamaliza nyambo isanafike pansi. Pamene tinsomba tachuluka, chepetsani zamadzi, kulitsani nyambo.

Pa nsomba zakwathu mfundo ndi yomweyo, ngakhale zambiri zolembedwa zinayesedwa pa carp. Usipa kapena matemba osinjidwa n'kusakanizidwa m'madeya amagwira ntchito ya chakudya chamadzi mokwanira pofuna mlamba kapena kampango, pomwe chambo ndi makumba, zimene zimadya kwambiri ndere ndi zomera, zimabwera bwino pa madeya okazinga pang'ono popanda chilichonse cha nyama.

Zaufa: betaine, mchere, zokometsera

Betaine anaipeza koyamba mu sugar beet, chomera china chopangira shuga, ndipo imapezeka yambiri mu nkhanu ndi nkhono za m'nyanja ya mchere. Molasesi wa nzimbe alibe betaine wochuluka ngati wa beet, choncho musaganize kuti mukathira molasesi wa nzimbe ndiye kuti mwathira betaine. Payokha siichita zambiri. Mphamvu yake imaoneka ikakhala pamodzi ndi ma amino acid, monga momwe mchere umadzutsira ndiwo. Ndiye ndi yoyenera mu ufa wokhala ndi nsomba kapena chiwindi, magalamu 2 mpaka 5 pa kilogalamu. Palinso DMPT, imene akatswiri a ku Japan anaiyesa pa goldfish ndi carp chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kuona kuti imachititsa nsomba kujompha chakudya pafupipafupi. Imafuna yochepa kwambiri, yosafika galamu imodzi pa kilogalamu, ndipo ikachuluka imanunkha ngati kabichi wowola.

Mchere wa magalamu 10 mpaka 20 pa kilogalamu suvulaza, koma umapha nyongolotsi ndi bloodworm, timphutsi tofiira ta m'matope, mukazisakaniza pamodzi, monganso zonunkhiritsa za ethanol. Nyongolotsi yakufa yotuwa ndi nyambo yochepa mphamvu kuposa yamoyo yopanda fungo. Turmeric, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita ya mphutsi, amachotsa mafuta pakhungu lake kuti zimire bwino ndipo amazipatsa mtundu wachikasu. Asodzi a roach pa mitsinje ya ku England amamudalira m'nyengo yozizira. Robin Red, imene Haith's inapangira mbalame kuti nthenga zifiire, ndi ya tsabola ndi zofiiritsa, ndipo pa nyambo imabweretsa mtundu ndi kukoma nthawi imodzi. Adyo ndi wotchipa, amasungunuka bwino, ndipo amabisa fungo la m'manja; pa zonse za kukhitchini, ndi amene tingamunyamule patsogolo.

Mafuta

Mafuta a nsomba kapena a mbewu ali ndi ntchito imodzi yomveka: kukwera pamwamba atanyamula tizidutswa ta chakudya, n'kukopa nsomba zoyenda pakati pa madzi kuti zitsike. Ndi a nyengo yotentha, 10 mpaka 20 ml pa kilogalamu ya mapeleti. Madzi akatsika pansi pa madigiri 10, carp imagaya chakudya mochedwa, mafuta amaikhutitsa msanga, ndipo mwadzichotsera nokha nsomba. Amathanso kukweza nsomba pamwamba pomwe mbedza yanu ili pansi.

Nyambo zapulasitiki za bass ndi mcheni

Pa mipikisano ya bass nyambo yamoyo ndi yoletsedwa, koma fungo pa nyambo yopanga limaloledwa. Bass imasaka ndi maso ndi kugwedezeka kwa madzi, choncho fungo siliiitana kuchokera kutali. Ntchito yake ndi kuti ikaluma isalavule msanga. Berkley, kampani ya ku Spirit Lake ku Iowa kumene Keith Jones anachitira kafukufuku wake, imati nsomba imagwira PowerBait nthawi yotalika ka 18 kuposa pulasitiki wamba. Chiwerengerocho ndi cha ogulitsa, koma mfundo yake ndi yoona: sekondi imodzi kapena ziwiri zoonjezera ndi zokwanira kuti msodzi amve n'kukoka. Zimathandiza pa nyambo yoyendetsedwa pang'onopang'ono pansi. Pa spinner, nyambo yachitsulo yozungulira yokokedwa mothamanga, nsomba imaluma isanalawe. Mcheni wa ku Kariba (tigerfish), kumene mpikisano wowedza nsombayi wa KITFT wakhala ukuchitika kuyambira 1962, nawo ndi wosaka ndi maso, ndipo fungo limene limaukopa ndi la kapenta yemweyo, osati la m'botolo.

Malamulo

Musanagule chilichonse, werengani malamulo a mpikisanowo. Pa kuwedza ndi fly, nyambo yopanga yofanana ndi kachilombo, bungwe la asodzi amasewera la padziko lonse la IGFA limaletsa fungo la mtundu uliwonse pa nyambo, lachilengedwe ngakhale lopanga. Pa mpikisano wa dziko lonse wowedza ndi float, kachoyandama ka pa chingwe, pansi pa bungwe la FIPSed, nyambo imayezedwa mpikisano usanayambe: malita 20 a ufa wonyowetsa kale pamodzi ndi dothi, ndi malita 2.5 a nyambo yamoyo. Madamu ambiri amalonda ku England amalola mapeleti ogulidwa pomwepo okha, ndipo ena amaika malire pa mafuta ndi zamadzi. Kugwidwa ndi chinthu choletsedwa m'bokosi kumathetsa tsiku lonse ngakhale simunachigwiritse ntchito.

Chimene chimaposa botolo

Pa mpikisano wa m'mbali mwa madzi, malo amagawidwa mwa maere. N'chifukwa chake ku mpikisano wa dziko lonse timu ya anthu 5 imagawidwa m'zigawo 5, ndipo aliyense amapikisana ndi a m'chigawo chake, wopambana n'kulandira pointi imodzi. Okonza amadziwa kuti malo okha atha kusiyanitsa makilogalamu 2 ndi 20. Wokhala kumapeto kwa mzere ali ndi madzi ambiri opanda womulanda nsomba. Wokhala kumene mphepo ikulowera amalandira chakudya choyandama ndi nsomba zochitsatira. Kenako pamabwera kuya, kuponya pamalo amodzi molondola, kukula kwa mbedza, kuonda kwa chingwe, ndi kuchuluka kwa chakudya chomwaza pa ola. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene fungo litha kusiyanitsa wachitatu ndi woyamba m'chigawo. Zikakhala zolakwika, palibe botolo lokonza.

Pali phindu lina limene sitiyenera kulinyoza: msodzi wokhulupirira nyambo yake amaisiya m'madzi nthawi yokwanira, sasinthasintha, ndipo maso ake amakhala pa ndodo. Koma phindu limenelo ndi la msodzi, ndipo limatheka ndi botolo limodzi monga ndi 40.

Kuyesa nokha

Nsomba 12 pa ndodo ya fungo ndi 9 pa ndodo yopanda fungo sizikutsimikizira kanthu. Ndalama yoponyedwa m'mwamba ka 21 imatha kugwa motero. Pa nsomba 100, kusiyana kuyenera kufika pafupifupi 60 kwa 40 kuti muyambe kukhulupirira. Choncho kuyesa kumafuna masiku ambiri a pulakatisi, 10 kapena kuposa, osati Loweruka limodzi.

Konzani ndodo ziwiri zofanana pa chilichonse: chingwe, mbedza, mtunda, kuya, kulemera kwa chibulunga. Sinthani chinthu chimodzi chokha. Zitalikirane mamita 10 kapena 15, ndipo ina isakhale kumunsi kwa inzake kumene madzi akulowera, apo ayi fungo lifika pa zonse ziwiri. Pakatha mphindi 30 zilizonse sinthanitsani mbali, chifukwa kumanzere kutha kukhala ndi mwala kapena kadzenje kamene nsomba zimakonda. Ngati n'kotheka, mnzanu akonze nyambo m'mabeseni awiri olembedwa A ndi B osakuuzani kuti ndi iti, ndipo onse akhale a mtundu wofanana ndi kunyowa kofanana. Lembani kudya kulikonse, ngakhale kwa nsomba yopulumuka, mtundu wa nsomba, nthawi, mphepo ndi kutentha kwa madzi. Kudya kochuluka koma kogwira kochepa ndi chizindikiro chakuti fungo likuitana koma kukoma kukukanidwa, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa mlingo ndi theka.

Sambani m'manja pakati pa beseni A ndi B, ndipo nkhani ya manja muitenge mozama ngakhale pa tsiku la mpikisano. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku British Columbia anaona salmon zikubwerera m'mbuyo pa makwerero a nsomba munthu atasamba m'manja kumtunda, ndipo anapeza kuti chimodzi mwa zoyambitsa ndi serine wa pakhungu la munthu. Petulo, dizilo, fodya, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu n'zoipa koposa. Palinso chimene Karl von Frisch anatulukira mu 1938: nsomba za banja la carp zikavulala pakhungu zimatulutsa mankhwala ochenjeza zinzake kuti zithawe. Nsomba yokhuzuka mamba pochotsa mbedza imasiya mankhwalawo m'manja mwanu, ndipo manja omwewo ndiwo aumbe chibulunga chotsatira. Ikani chidebe cha madzi a m'damu pambali pa mpando, tsukani m'manja mukatha nsomba iliyonse, pukutani ndi nsalu ina yosiyana ndi yogwirira nsomba, kenako fikisani m'manja ndi ufa pang'ono wa m'beseni musanagwire nyambo.